Mphatso za manesi pa 12 Meyi: chitenje chomwe chija kapena tisinthe?

Sisita NaPhiri
Moni nonse, manesi ndi azamba a kuno Kum'mawa kwa Zambia. Chaka chino andiika m'komiti yokonza za 12 Meyi, tsiku la manesi padziko lonse, pachipatala pathu. Akuluakulu atipatsa kandalama kochepa, ati tisankhe tokha choti tigulire manesi. M'komiti sitikumvana. Ena akuti chitenje monga zaka zonse, ena akuti masikipa olembedwa dzina la chipatala, wina akuti tiphike mpunga ndi nkhuku tidyere pamodzi basi. Msonkhano uli Lachisanu. Ndithandizeni maganizo: kwanu amakupatsani chiyani, ndipo pa zonse munalandirapo, ndi chiti chinakugwirani mtima kapena kukuthandizani zenizeni? Wodandaula adandaule, koma asatchule dzina la chipatala. Pano tilipo ambiri.

Amake Dalitso
Ine chitenje sindichinyoza, a Sisita. Sikipa ukachapa kangapo yatha, zilembo zasendeka. Chitenje chimakhala zaka. Ndiponso mnzathu akamwalira kapena akafedwa, tonse timavala chitenje chimodzimodzi pamaliro, abale amaona kuti munthu wawo anali ndi anzake. Zimenezo kwa ine ndi zazikulu.

A Tembo
Amake Dalitso mwanena zoona, koma mukumbukirenso kuti manesi aamuna tachuluka masiku ano. Chitenje changa chimapita kwa amayi akunyumba. Ndikafuna malaya ndiyenera kupita kwa telala ku Kapata ndi kulipira ndekha. Ine ndikanakonda chinthu cha ntchito: wotchi ya pachifuwa, tochi yabwino yotchaja, kapena nsapato zofewa. Amene amaima tsiku lonse ku fiyeta, kochitira opaleshoni, akudziwa mmene miyendo imapwetekera.

Nesi wa Naiti
A Sisita, zikomo pofunsa. Ine vuto langa si mtundu wa mphatso, koma amene imawafika.

Mwambo wa 12 Meyi umachitika masana. Oguba ndi bandi, omva zolankhula za akuluakulu, odya mpunga ndi kujambulitsa amakhala a masana ndi amene ali pa ofu. Ife amene tatuluka naiti m'mawa womwewo timakhala tili mtulo, madzulo tibwereranso ku wodi. Tikafika timapeza mapoto otsukatsuka. Chitenje chako akuti chili kwa uje, uje nayenso wapita pa livu. Chaka china changa chinandipeza nyengo yozizira itayamba kale kutha.

Chimandiwawa chifukwa tsikulo timayatsa makandulo pokumbukira Florence Nightingale, amene anabadwa pa 12 Meyi 1820, ndipo chimene anthu amamukumbukira nacho ndi kuyendera asilikali odwala usiku, nyale ili m'manja, pa nkhondo ya ku Crimea. Mwambo wonse unachokera ku ntchito ya usiku, koma oiwalika ndi a usiku omwewo.

Mukandifunsa ine, gulani ketulo ndi fulasiki yaikulu pa wodi iliyonse, shuga, masamba a tiyi ndi mkaka, zoti zifike mpaka Ogasiti. Juni ndi Julaye kuno ku Chipata kumazizira, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha zala zimakanika ngakhale kugwira kanula. Pakadali pano timasonkherana tokha shuga, ndipo mwezi ukafika pakati amene alibe amachita manyazi kumwa tiyi wa anzake. Ndinaonapo mwana wasukulu akugwira naiti yonse ndi madzi okha m'mimba. Ndipo ngati zingatheke, kachipinda kokhoma, ka matiresi amodzi oyera, koti munthu atambasule msana pa mphindi zake zopuma. Kugona pa benchi la odwala kapena pa makatoni pansi sikupatsa ulemu yunifomu imene tavala.

Amake Dalitso
Apo sinditsutsa. Za shuga ndi zoona ndithu.

A Tembo
Tochi ndaitchula chifukwa cha 2024. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankapita maola ambirimbiri, jenereta siifika mawodi onse, tinkasoka mabala ndi kuunika kwa foni. Foni yako yomwe, batire yako yomwe.

NaZulu
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndiloleni ndilankhule motalikirapo, chifukwa pali chinthu chimandidetsa nkhawa chaka ndi chaka.

Chitenje, tiyi, sikipa, zonsezo ndi zabwino, tilandire ndi manja awiri. Koma ana athu ambiri amene angoyamba ntchito sasiyanitsa zimene chipatala chimapereka mwa kufuna kwake ndi zimene lamulo linawapatsa kale. Ndamvapo nesi akuthokoza inichaji ndi mtima wonse chifukwa "wamuchitira chifundo" pomulola kupita kumaliro a bambo ake. Mwana uja sankadziwa kuti masiku amenewo ndi ake.

Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limanena poyera. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 14 a livu, ndipo amalandira malipiro onse ngati wagwira ntchito miyezi 24 mosadukiza kwa bwana mmodzi. Akabwerera, kwa miyezi 6 kuchokera pamene anabereka ali ndi ola limodzi patsiku loyamwitsa, kaya alitenge lonse kaya aligawe pawiri. Bambo ali ndi masiku 5 a ntchito mwana akabadwa. Munthu akafedwa mwamuna kapena mkazi, kholo, mwana, ali ndi masiku ofika 12 pachaka. Mkazi aliyense ali ndi tsiku limodzi pamwezi, Mother's Day ija, popanda kubweretsa kalata ya dokotala kapena kufotokoza chifukwa. Ndifunse pano: ndi angati a ife timaitenga Mother's Day? Ambiri sititenga, chifukwa ukasowa iwe wodi yonse itsala ndi munthu mmodzi, ndipo mawa adzakuyang'ana ndi diso loipa.

NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ija, nayonso si mphatso. Amatidula 1 peresenti mwezi ndi mwezi, wotilemba ntchito amaonjeza 1 peresenti. NAPSA ya penshoni chimodzimodzi, 5 peresenti yathu, 5 peresenti yawo. Zimenezi ndi thukuta lathu.

Ndiye a Sisita NaPhiri, pempho langa ndi ili. Pa tsikulo, akuluakulu akamaliza kulankhula, mupatse mphindi khumi woimira ZUNO, bungwe lathu la manesi, awerenge zimenezi pamaso pa onse, matroni ali pomwepo. Sizifuna ngwee, koma zidzathandiza kuposa nsalu.

Sisita NaPhiri
NaZulu, mfundo imeneyo ndailemba. Koma kunena zoona ena m'komiti adzati tikusandutsa chikondwerero kukhala msonkhano wa madandaulo.

NaZulu
Kuwerenga lamulo si kudandaula, akulu anga. Ine ndinaona zimene zinachitika mu 2013, manesi atanyanyala ntchito ndipo mazana anachotsedwa, mabanja anavutika mpaka pamene anawabwezera pa ntchito. Sindifuna tifikenso kumeneko. Ndi bwino zinthu zizinenedwa poyera masana, anthu akumwa Fanta, kusiyana ndi kuzisunga m'mimba mpaka ziphulike.

Volontiya
Pepani amayi ndi abambo, ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono. Ine ndinamaliza sukulu, laisensi ndili nayo, koma sindinalembedwe. Mu 2022 boma linalemba anthu azaumoyo opitirira 11,000, dzina langa silinatuluke, ndipo mpaka lero ndikudikira. Ndimagwira ntchito yodzipereka kuti manja asaiwale. Naiti ndimagwira, mabala ndimatsuka, ku OPD, kwa odwala osagonekedwa, ndimakhala mpaka mzere uthe. Chaka chatha pogawa zitenje anatenga mndandanda wa amene ali pa peyirolo. Tinalipo angapo mavolontiya, tinathandiza kukonza mipando ndi kugawa chakudya, kenako tinaimirira kumbuyo anzathu akulandira. Sindikunena kuti chitenje chikanandilemeretsa. Koma ndinapita kunyumba ndikudzifunsa ngati ndine nesi kapena ayi.

Amake Dalitso
Mwananga, pepa. Zimenezo sizoona kuchita.

Nesi wa Naiti
A Sisita NaPhiri, mwamva? Mndandanda utengedwe pa rosita ya mawodi, osati ku ofesi ya malipiro. Aliyense amene dzina lake lili pa rosita wagwira ntchito.

Mzamba wa Kuchigwa
Netiweki yangondilola lomba. Inu a m'tauni mukukambirana za mtundu wa nsalu, ife kuno nkhani ya 12 Meyi timaionera pa Facebook. Pakiliniki yathu nesi ndine ndekha, mzamba ndine ndemwe, usiku akagogoda pakhomo ndi mayi amene matenda ayamba ndimadzuka ndine. Sindingatseke kiliniki kuti ndikagube ku boma. Mphatso zikatsala zimabwera ndi galimoto ya katemera, zikapanda kutsala ndiye basi.

Koma sindikufuna kungodandaula. Chinthu chimene chinasintha moyo wanga kuno si cha pa 12 Meyi. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi pamodzi ndi a ofesi ya boma anakonza denga la nyumba yanga, nandiikira sola yoyatsa mababu ndi kutchaja foni. Kale mvula ikagwa ndinkasuntha bedi. Tsopano ndimagona, ana amawerenga usiku. Kwa nesi wa kumudzi, nyumba yosadontha, mjigo wapafupi ndi honda yoyenda ndizo zimamusunga. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mitsinje ikadzaza kuno kuchigwa cha Luangwa, galimoto siifika, ndipo amene alibe nyumba yabwino amayamba kulemba makalata a transifa.

Chimene chikundivuta ndi alawansi ya kumudzi. Anzanga amene tinabwera nthawi imodzi akulandira, ine pa pesilipi sionekapo.

A Tembo
Amayi, mumagwira ntchito yaikulu. Ife tikatopa timasiyira mnzathu, inu mulibe womusiyira.

Agogo Sisita Opuma
Ana anga, ine ndinapuma kale, koma mdzukulu anandiika pagulu pano ndipo ndimawerenga. Mzamba wa Kuchigwa wanena zimene ine ndikanati ndinene.

Ndinagwira ntchito zaka zanga zambiri pachipatala cha mishoni. Kuno Kum'mawa zipatala za mishoni ndi zakale: Mwami ya a Adventist inayamba mu 1927, St Francis ku Katete mu 1948, kulinso Minga, Nyanje ndi Kamoto. Zonse zili pansi pa CHAZ, bungwe la zipatala za matchalitchi limene linakhazikitsidwa mu 1970, ndipo antchito ambiri kumeneko malipiro awo amachokera ku boma. Ndiye kusiyana kwake sikunali pa ndalama ya pamwezi. Kunali pa zinthu zozungulira. Nyumba inali pafupi ndi wodi, woti ukaitanidwa usiku ungoponda pang'ono wafika. Kuseri kunali kadimba, tinkalima repu ndi tomato. A naiti ankalandira tiyi ndi buledi kuchokera kukhitchini, popanda kupempha. Pa Khirisimasi tinkalandira shuga, sopo ndi botolo la saladi, zochepa koma aliyense, kuyambira matroni mpaka wochapa zovala.

Koma mphatso imene ndimathokoza mpaka lero ndi sukulu. Anandituma kukaphunzira uzamba, malipiro akuyenda, ine n'kulonjeza kubwerera kudzagwira ntchito pomwepo. Ndinabwerera, ndipo ndinakhala kupitirira zaka zimene tinapangana. Akale anati kupatsa n'kuika. Chipatala chimene chimaphunzitsa nesi wake chimadzakolola chokha.

Masiku ano ndikumva kuti ana amadzilipirira okha sukulu ndi ngongole, ena mpaka kwa a kaloba. Pesilipi ikatuluka yatsala fupa. Munthu wotere ukamupatsa sikipa adzamwetulira pa chithunzi, koma mtima uli kwina.

NaZulu
Agogo, zikomo. Mwakhudza pamene pakupweteka.

Atate ake Chisomo
Pa za sukulu ndionjezeko. Laisensi yathu ku Nursing and Midwifery Council timaikonzanso chaka ndi chaka, ndipo pamafunika mapointi a CPD, osonyeza kuti ukupitiriza kuphunzira za ntchito. Mapointi ambiri amapezeka ku mawekishopu. Nanga ku mawekishopu amapita ndani? Nkhope zomwezomwezo. Kumeneko kuli alawansi, kuli kugona ku loji, kuli satifiketi. Amene amatsala pa wodi kugwira ntchito ya anthu awiri salandira kanthu, Disembala ikafika alibe mapointi, ndalama ya laisensi ayeneranso kuifuna yekha pa nthawi imene akufuna feteleza ndi fizi ya ana. Ine ndikanakhala bwana, ndikanapachika pakhoma ndandanda ya amene anapita ku wekishopu ndi amene akubwera pambuyo, aliyense aziona. Kapena chipatala chizichititsa maphunziro a CPD pomwepo Lachitatu lililonse, aulere, olembedwa bwino.

Amake Dalitso
Kwathu maphunziro a pachipatala alipo, koma amawaika 8 koloko m'mawa, a naiti atatopa, a masana ali pa raundi.

Mbewe ku Lusaka
Moni akwathu. Ine ndinachoka ku Petauke, ndili pachipatala cha pulayiveti kuno. Amatipatsa yunifomu, chakudya chamasana, basi yotitenga usiku, ndi katundu wa Khirisimasi. Pa kontilakiti pali gratuity, ndalama yolandira kontilakiti ikatha, ya 25 peresenti monga lamulo linenera. Zikumveka bwino, koma kontilakiti ikatha sudziwa ngati akupatsanso ina. Pa zonsezi chimene ndimayamikira ndi basi ya usiku. Ku Chipata mtsikana wotuluka 20 hours kupita ku Mchini kapena ku Navutika amakwera njinga mumdima, nthawi ya mvula ndi matope. Ngati chipatala chili ndi galimoto, kumuperekeza ndi mphatso ya tsiku lililonse.

Sisita NaPhiri
Pali nkhani inanso imene komiti ikufuna: mphoto ya nesi wolimbikira kuposa onse. Akuti mbale za galasi kapena bulangeti. Mukuti bwanji?

A Tembo
Ine ndikuivomereza. Munthu wolimbikira aonekere.

Nesi wa Naiti
Ine ayi. Amasankha ndani? Amene mabwana amamuona, ndipo mabwana amaona a masana. Pa 1 Meyi, tsiku la antchito, mphoto zotere zimaperekedwa kale. Patangopita masiku ochepa tibwerezenso zomwezo? Mmodzi anyamula bulangeti, ena makumi apita kunyumba akung'ung'udza. Ntchito ya pa wodi ndi yopatsirana, wodwala amene wachira anadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

A Tembo
Nanga tikapanda kuyamikira aliyense, waulesi ndi wakhama akhala chimodzimodzi?

Atate ake Chisomo
Mphoto ipite ku wodi, osati kwa munthu. Ndipo avote ndi manesi okhaokha, mwachinsinsi. Wodi yopambana ilandire chinthu chogwiritsa ntchito onse, monga makina oyezera BP atsopano kapena kafiriji.

NaZulu
Makina a BP ndi udindo wa chipatala, asalowe m'malo mwa mphatso. Kafiriji ka chakudya cha antchito ndiye inde.

Volontiya
Ndifunseko china, amayi. Nanga zimene odwala amatipatsa? Sabata yatha agogo ena amene ndinkawatsuka bala anabwera ndi kambale ka nsawawa. Ndinachita mantha, ndinakana, iwo anakhumudwa kwambiri.

Mzamba wa Kuchigwa
Mwananga, kuno zimenezo ndi za masiku onse. Mayi akachira bwino, patapita masabata apongozi amabwera ndi nkhuku, maungu, kapena mbatata. Ukakana amaona ngati wawanyoza kuti ndi osauka, mawa sadzabweranso kusikelo. Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba, nthawi: chobwera ntchito itatha kale, munthu atapita kwawo n'kubwerera mwa kufuna kwake, ndi kuthokoza. Chobwera munthu ali pamzere, kapena mkazi wake ali pa bedi, sindilandira ngakhale pang'ono, chifukwa akugula malo a mnzake. Chachiwiri, ndalama sindigwira, kaya zichepe bwanji. Ndipo chakudyacho sindipita nacho kunyumba mobisa. Ndimachiika poyera, timadya ndi wolondera, wosesa ndi amayi odikirira kuchira.

Agogo Sisita Opuma
Ndi momwemo. Ndipo wobwera chimanjamanja umulandire ndi nkhope yomweyo imene unalandirira wa nkhuku. Anthu a m'mudzi amaona, ndipo amauzana.

NaZulu
Ndionjeze kuti wantchito wa boma akalandira chinthu kuti athandize munthu, umenewo ndi mlandu wa ziphuphu, ndipo laisensi ikhoza kupita. Ukakayikira, uza inichaji nthawi yomweyo. Usadikire kuti amve kwa ena.

Amake Dalitso
Mzamba watchula wosesa ndi wolondera, zandikumbutsa. Tiyi wa usiku uja asakhale wa manesi okha. Amene amakolopa magazi ku leba ndi kukankha matirole nawonso amazizidwa.

Sisita NaPhiri
Zikomo nonse, kope langa ladzaza. Lachisanu ndikapempha kuti gawo lalikulu la ndalama lipite ku maketulo, mafulasiki ndi shuga wa a naiti, wa onse ogwira usiku. Mayina titenga pa rosita, mavolontiya alowemo. Chakudya cha tsikulo tigawe pawiri, china chiphikidwe madzulo. Za chitenje ndikudziwa kuti amayi ambiri sadzalola kuti chisowe, mwina tisonkherane tokha monga timachitira chilimba. Za mphoto sindinatsimikize, maganizo a Atate ake Chisomo ndikawapereka koma a Tembo ali ndi anzawo ambiri m'komiti. A Tembo, mukadutsa ku Down Shops mundifunsireko mitengo ya mafulasiki aakulu ndi matochi.

A Tembo
Mawa ndikatuluka ndidutsako, ndidzatumiza zithunzi pano. Koma za mphoto sindinasinthe maganizo.

Nesi wa Naiti
Makiyi a kabati ya shuga akhale ndi wa naiti, a Sisita. Akakhala ku ofesi yotsekedwa 17 hours, tabwerera pomwe tinali.

NaZulu
Mzamba wa Kuchigwa, nkhani yanu ya alawansi isakwiririke ndi zitenje. Ya kumudzi ndi 20 peresenti ya malipiro oyambira, ya kutali kwenikweni ndi 25 peresenti, ndipo imatsata malo amene peyirolo ikuonetsa kuti muli. Kawirikawiri vuto limakhala loti munthu anasamuka koma ku PMEC, kumene boma limasunga peyirolo, dzina lake likadali pa siteshoni yakale ya m'tauni. Yang'anani pa pesilipi yanu pamene alemba malo a ntchito. Ngati ndi akale, lembani kalata kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lanu, muphatikize kalata imene anakutumizirani kumeneko, fomu ya arrival advice yosonyeza kuti munafika pa malo atsopano, ndi mapesilipi a miyezi yapitayi. M'kalatamo mupemphenso za miyezi yonse imene simunalandire. Musapereke mapepala enieni, perekani mafotokope, ndipo kope lanu alidinde tsiku limene alandira. Woimira ZUNO wa m'boma lanu mumupatsenso lake.

Mzamba wa Kuchigwa
Ndayang'ana lomba lino. Palembedwadi siteshoni yakale. Galimoto ya katemera ikubwera sabata yamawa, kalata ipita nayo. NaZulu, ndikailemba ndikutumizirani kumbali muione kaye ndisanasaine.